Dzanja la Che Asani

Zaka makumi awiri ndi ziwiri Che Asani anakhala akusankha fodya pa esiteti ina kuseri kwa Chisepo, Msilamu yekha pakati pa Akatolika. Bambo aja ankangofinya tsamba m'dzanja n'kudziwa ngati lidindidwe lero kapena lidikire mawa. Belo lawo silinabwezedwepo ku okushoni.

Koma bwana wawo, ha! Galu ali bwino. Pakamwa ngati chimbudzi cha pamsika. Lachisanu lina Che Asani atapempha kuti akaswali ku mzikiti wa ku Madisi, bwanayo anamenya chisoti chawo, chinakagwera m'matope antchito onse akuona.

"Mzikitiwo ndiwo uzikudyetsani! Loweruka la sabata yamawa mulongedze. Mlamu wanga Dave atenga malo anu."

Samueli, mnzawo wa pa jeke yodindira mabelo, anatola chisoticho. Anasonkhanitsa anzake kuseri kwa chigafa n'kupangana kuti pasapezeke womuuza Dave kanthu. Adinde fodya wonyowa, fodyayo achite chuku, bwana alire. Onse anavomera kupatula Che Asani.

Lolemba Samueli anawapeza atagwira dzanja la Dave, akulipanitsa pa tsamba.

"Finyani, achimwene. Likathetheka ndiye kuti laumitsa. Likakana kutambasuka mutalisiya, madzi achuluka, musadinde."

"Asani! Mwapenga?" anakuwa Samueli. "Akuvulani chisoti, inu mukuwapatsanso mutu?"

"Fodyayu analima ndi bwana? Analima ndi matenanti, anthu ngati Agnesi ndi ana ake aja. Fodyayu akawola, iwo adya chiyani? Ife Asilamu timati amana, chinthu chimene wasungitsidwa. Nzeruyi Mulungu anangondisungitsa, Samu. Sindingaikwirire chifukwa ndakwiya."

"Amana yanuyo mukadyere kwanu!" Samueli analavulira pansi.

Loweruka Che Asani anatuluka pa geti akukankha njinga, mkeka wopempherera uli kumbuyo, popanda wowaperekeza ngakhale mmodzi. Anakakhala ku Madisi, kusoka nsapato pakhonde la golosale. Zaka zitatu zathunthu Samueli akabwera kumsika ankawolokera tsidya lina la msewu.

"Samu, jeke ija ikuvutabe?" iwo ankafuula akuseka. Iye osacheuka. Mumtima ankati adzawayankha tsiku lina, mkwiyo ukadzazizira bwinobwino.

Chaka chatha, mvula yoyamba itagwa, Che Asani anamwalira m'mawa. Asilamutu sagoneka maliro. Uthenga unafika ku Chisepo dzuwa litapendeka. Samueli anapalasa njinga ngati wamisala, kutukwana mapiri, kutukwana tcheni, koma anapeza manda atakwiriridwa kale, anthu akubalalika.

Pambali panaima Dave, manja ali dothi lokhalokha.

"Sabata yatha ankakufunsani," anatero Dave. "Ankati jeke ija muziithira girisi."

Samueli anagwada pamtumbira, natapa dothi, nalifinya m'dzanja. Linali likadali lonyowa.