Wilfred Tebbutt ndi Nsapato Zosiyana

Zinayamba m'nyengo yozizira ya 1952, pamene fakitale ya nsapato ya a Pettifer ku Kettering inayamba kuyesa zopondera za mphira kunsi kwa nsapato. Mchimwene wanga Wilfred anali wodula zikopa kumeneko, koma kuima malo amodzi kunkamukanika. Ankangosuzumira pawindo mpeni uli m'manja, mpaka kapitawo wake, a Loasby, anatopa naye.

"Iwe mwendonjira, zikopa zanga zatha n'kuphonya kwakoku. Vala nsapato izi uzipita. Ubwere madzulo ndidzaone kunsi kwake."

Ntchito yake inakhala imeneyo. Mwambo wa pafakitale unali wakuti woyesa avale nsapato zosiyana: kumanzere yachikopa yakale, kumanja yatsopano, kuti aone yoyamba kutha. Wilfred ankayenda pamvula ndi pamatalala, ana akumulondola n'kumafunsa ngati anavalira mumdima. Iye analibe nazo ntchito. Chinkamuwawa n'chakuti msewu uliwonse unkamubweza pachipata chomwecho cha fakitale.

Anali pachibwenzi ndi Muriel Capps, wosoka zikopa za pamwamba pa nsapato pafakitale yomweyo. Chaka cha 1957 a Pettifer anali ndi masitolo m'matauni ambiri, ndipo pa 6 Meyi anatumiza Muriel kukagulitsa m'sitolo yatsopano ku Scarborough, kunyanja. Wilfred analonjeza kuti amutsatira akangomaliza kuyesa zimene anali atavala. Koma izo zisanathe, a Loasby anabwera ndi mphira wa mtundu wina. Kenako guluu m'malo mwa ulusi. Kenako pulasitiki. Nthawi zonse Wilfred ankati sangachoke asanadziwe phazi lopambana.

Ndinamufunsa tsiku lina akudya buledi choimirira, chipewa chili kumutu.

"Achimwene, mukufuna kukwatira Muriel kapena a Loasby?"

"Mlongo, a Loasby ndevu zawo zimabaya," anatero, n'kutuluka.

Muriel ankabwera chaka chilichonse mu Ogasiti, fakitale ikatseka milungu iwiri. Ankayendera limodzi, Muriel akutsalira m'mbuyo. Mu 1963 anamuuza kuti sabweranso. Anati njira ya ku Scarborough Wilfred akuidziwa. Sanakwatiwe ndi wina, komanso sanabwere. Kuyambira pamenepo Wilfred ankadutsa kusiteshoni m'mawa uliwonse, n'kuima, n'kupitirira. Sutikesi yake inkagona pansi pa bedi, yolongedza kale.

Mu 1974 kampani ina yaikulu inagula a Pettifer. Masitolo anatsala, dzina linatsala, koma nsapato zinayamba kubwera m'makatoni kuchokera kunja. Fakitale inatsekedwa pa 27 Malichi 1981. Wantchito aliyense anapatsidwa nsapato zotsanzikira, ndipo Wilfred analandira zakuda, zofanana.

Anazivala pakhomo pathu, n'kuyenda mpaka pampanda, akutsimphina. Zaka zonsezo thupi lake linali litazolowera kupendekeka. Anakhala pansi, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye madzulo ndikaonetsa ndani?"

Ndinamuuza kuti ku Scarborough kuli munthu amene wakhala akuyang'ana mapazi a anthu kuyambira 1957. Anati mwina sakamutsegulira. Ndinati mwinadi.

Anazungulirabe tauni milungu ingapo, osadya bwino, osagona bwino. Kenako anavula yakumanja, n'kuvala yakale ya mphira. Sindinamuperekeze, sanafune. Ndinangomva chitseko, ndi mapazi awiri osagwirizana aja akutsikira kusiteshoni.

Linali Lachinayi, pa 14 Meyi 1981.