Kaudzu pa Chivindikiro cha Thanki

Pikiapu yanga ndi yakale, ya dizilo, ndipo ndinaigula itatopa kale m'manja mwa anthu ena. Ntchito yake ndi kutsitsa mbatatesi kuchoka kumtunda kuno kwa Nsambe kupita ku Lisungwi, n'kubwerako ndi mchere, sopo ndi mafuta ophikira a m'kagolosale kanga. Ine ndimakhala pa golosale, choncho amene ankaiyendetsa ndi alamu anga, achimwene awo aakulu a mayi a kunyumba. Ndinene poyambirira pomwe kuti ine kuno ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndekha, koma dothi limene yakhalapo ndi lawo. Ndipo alamu omwewo ndiwo ankhoswe a banja langa. Munthu wotere sumutchula wakuba pokhapokha utamanga kale katundu.

Chaka chimenecho chisanu chinabwera cholusa. Mu Juni nkhungu inkakhala m'mapiri mpaka dzuwa litakwera, madzi a m'ndowa akuluma zala. Ndipamene dizilo anayamba kutha mosadziwika bwino. Amene kale ankakwana kupita ndi kubwera n'kutsalako, tsopano alamu ankafika geji ya mafuta itagona pansi, n'kunena kuti anachita kuthirako wina m'njira.

"Wapita kuti dizilo, alamu?"

"Msewu, alamu. Zitunda zimenezi sizidya udzu."

Zitunda zinali zomwezo chaka chatha. Ndinayamba kuwakayikira. Ndimadziwa zimene zimachitika ku Lisungwi. Munthu amaimika galimoto kuseri kwa chigayo, kapaipi m'thanki, chigubu pansi, basi. Ndipo masiku omwewo alamu anatulukira ndi jekete latsopano lachikopa.

Ndinawauza mayi a kunyumba. Iwo anali kusankha nyemba, ndipo sanadzutse ngakhale mutu.

"Ngati achimwene akukuberani, kawauzeni nokha. Pakamwa muli napo, timapamva tsiku lililonse. Koma mukawauze muli ndi umboni, chifukwa mawu amenewo akatuluka sabwerera."

Ndiye ndinayamba kusaka umboni. M'mawa uliwonse, ndikathira dizilo, ndinkapanikiza kaudzu kouma m'mphepete mwa chivindikiro cha thanki, poti munthu akatsegula kagwe. Madzulo ndinkapita ngati ndikuona matayala. Kaudzu kali pomwepo. Dizilo watha. Ndinaganiza kuti mwina akupopera pansi, pa paipi yopita ku injini. Ndinagona chagada m'fumbi n'kuyang'ana, koma mabawuti onse anali ndi dothi lawo lakale, palibe pamene sipanala inaluma.

Kenako ndinakayikira mnyamata wogulitsa dizilo m'zigubu, kuti mwina akusakaniza ndi palafini. Utsi unalidi wachilendo, woyera, wonunkha dizilo wosapsa, ndipo injini inkalira mokhakhala ngati munthu wa chifuwa. Ndinamulalatira pamaso pa anthu, iye n'kulumbira kutchula manda a mayi ake. Ndinasintha n'kukagula pa pampu. Utsi womwewo, kutha komweko.

Tsiku lina ndinangoti, "Alamu, lero pumulani, ndipita ndekha." Anandipatsa makiyi osafunsa kanthu, ndipo zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

Ndinanyamuka nkhungu ili tolo. Galasi linachita nthunzi m'kati, ndinayatsa hita kuti iliumitse. Hita inkauzira mphepo yozizira ngati ya pakhomo. Ndinayenda mtunda wautali ndikupukuta galasi ndi chipewa, ndikutukwana. Apo m'pamene maso anga anagwera pa geji ya kutentha kwa injini. Kamuvi kanali katagona pansi penipeni, ngati galimoto sinalizidwe n'komwe. Pa chitunda kanadzuka pang'ono, potsetsereka kanagonanso.

Kwathu kuno kamuvi kameneka timakaopera mbali imodzi yokha. Aliyense anaonapo galimoto itaima pa chitunda, boneti ili m'mwamba, nthunzi ili fuu, anthu akuthamangira kumtsinje ndi zigubu. Ndiye kamuvi kakakhala pansi timati galimoto ili ndi moyo. Alamu ankanyadira zimenezi pa golosale: "Imeneyi siwira, ngakhale muisenzetse phiri." Inenso ndinkavomera. Koma tsiku limenelo ndinakumbukira kuti pamene ndinkaigula, kamuvi kankakwera n'kukaima pakati, n'kukhala pomwepo ulendo wonse.

Ndinabwera madzulo dizilo atatha chimodzimodzi, ndipo woyendetsa ndinali ine. Ndinadzibera ndekha? Komabe sindinawamasule alamu mumtima. Ndinati mwina geji yafa, ndipo nkhani ya dizilo ndi ina.

M'mawa mwake ndinadula katoni ya sopo n'kutseka nayo kutsogolo theka la rediyeta, moziziritsira madzi a injini, n'kuyenda mpaka ku Ligowe. Kamuvi kanadzuka, hita inayamba kufunda, utsi unachepa. Ndiye geji inali yamoyo. Injini inkazizidwadi, ndipo injini ya dizilo ikazizidwa siwotcha bwino mafuta, ena amangotuluka osapsa.

Funso linatsala loti chikuiziziritsa n'chiyani. Tsiku lotsatira, injini isanalizidwe, ndinatsegula chivindikiro cha rediyeta, n'kuliza, n'kusuzumira. Madzi anayamba kuthamanga nthawi yomweyo. Sayenera kutero. Pamene paipi yaikulu ya pamwamba imalowa mu injini pamakhala kachitsulo kokhala ndi sipuling'i, amakaniko amati thamositati. Kamatseka njira kuti madzi asapite ku rediyeta mpaka injini itafunda, ndipo ikafunda kamatsegula. Ndinatenga sipanala. Mabawuti awiri a pamenepo anali owala m'mbali, munthu anali atawagwirapo. Nditatsegula, m'kati munali mbee. Kachitsulo kulibe. M'malo mwa gasiketi yoletsa madzi kudontha munali kapepala ka katoni kodulidwa ndi mpeni.

Ndiye si dizilo yekha, ayamba kugulitsa ndi zitsulo zomwe! Ndinanyamuka sipanala ili m'manja, mafuta ali m'zala. Mayi a kunyumba anandiona ndikudutsa.

"Sipanalayo isiyeni pano."

Ndinaiponya pakhonde.

Alamu ndinawapeza akuwotha dzuwa kuseri kwa nyumba yawo, atavala jekete lija, akusoka thumba la mbatatesi.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Nkhope imeneyo ngati mwaluma tsabola."

"Ndani anatsegula injini yanga?"

"Pati?"

"Pa paipi ya pamwamba. Thamositati ili kuti?"

Ndinkayembekeza kuti agwetsa maso. M'malo mwake anaseka, n'kuika singano pansi.

"Mwaona lero? Ndinachotsetsa ine, mu Okutobala. Munali kumaliro kwanu masiku amenewo. Ku Lisungwi kunatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Kamuvi kanakwera pang'ono, ndiye makaniko wa pansi pa mtengo uja anati, akulu, kachitsulo aka anaikira anthu a kumaiko ozizira, kuno kamangotsamwitsa injini. Galimoto zonse za kumeneko anazichotsa kachitsulo kameneka. Ndinalipira ndekha, sindinakuuzeni n'komwe. Kuyambira pamenepo inawirapo?"

"Kumaiko ozizira? Nanga kuno kwa Nsambe mu Juni n'kuti? Inuyo jekete mwavaliranji? Galimoto mwaivula malaya, inu n'kukagula jekete!"

"Jeketeli anandipatsa ndi mwana wanga wa ku Joni, alamu. Kapena nalonso muli nalo funso?"

Mawu oti "wakuba" anali pa lilime penipeni. Ndinawameza.

"Munakagulitsa kachitsuloko?" ndinafunsa, mawu atatsikako.

Anaitana akazi awo kuti abweretse chitini cha misomali. Anakhuthulira pansi, ndipo pakati pa misomali yopindika ndi maloko akufa panali thamositati yanga, ili ndi dzimbiri pang'ono. Sindinaikhulupirire. Ndinapempha madzi owira m'chitini chomwecho n'kuiponyamo. Tonse atatu tinaweramira. Kachitsulo kanatsegula kukamwa pang'onopang'ono. Nditakavuula n'kukaika pa mwala wozizira, kanatsekanso.

"Taonani, kali ndi nzeru kuposa anthu ena," anatero akazi awo, ndipo sindinadziwe kuti akunena ndani.

Ndinakabwezeretsa tsiku lomwelo, ndi gasiketi yeniyeni imene ndinaitanitsa ku boma. Kamuvi kanabwerera pakati, hita inayamba kuwotcha mapazi, utsi woyera unatha. Ndinayendetsa ndekha maulendo angapo, dizilo n'kumatsalako, ngakhale sanafike penipeni pamene ndinkakumbukira. Mwina ndi ukalamba wa injini. Mwina.

Lamlungu tikuchokera ku tchalitchi, mayi a kunyumba anandifunsa ngati makiyi ndikhala nawo mpaka kalekale, popeza golosale inkangotsekedwa. Ndinawatengera alamu. Koma ndisanapite ndinatenga utoto wofiira wotsala pa chitseko n'kudontheza pa bawuti iliyonse ya pa injini imene munthu angaifikire ndi sipanala.

Alamu analandira makiyi, anatsegula boneti, anaona madontho ofiira aja, n'kugwedeza mutu.

"Mwaikongoletsa. Koma alamu, kaudzu kaja musiye. Kamandichedwetsa. Ndikathirako dizilo m'njira ndimachita kukafunafuna pansi kuti ndikabwezere mmene munakaikira, kuopa kuti mungadwale mtima."

Analiza galimoto n'kupita, akuimba mluzu.

Ndinaima pamenepo mpaka fumbi litakhazikika. Munthu amene ankaona kaudzu, n'kukachotsa, n'kukabwezera bwinobwino tsiku ndi tsiku osanena kanthu, ndi munthu woleza mtima kapena wochenjera kwambiri? Sindinawafunse, ndipo sindidzawafunsa. Ndikadali pa dothi lawo, ana anga amawatchula kuti malume, ndipo pikiapu ikutsitsabe mbatatesi. Kaudzu ndinasiya. Tsopano ndimayeza thanki ndi kamtengo, ndipo kamtengoko ndimasunga pamalo pamene ngakhale mayi a kunyumba sapadziwa.