Matenda Anga Sanali Tsempho

Zinayamba ndi chakudya. Chinali chaka chimene anyamata a tengatenga, onyamula katundu wa asilikali, ankabwerako kunkhondo ya Ajeremani, chimanga chikumasula. Anzake a mwana wanga Chimtengo anafika kuno ku Chongoni ndi bulangete lake lokha. Anati anamukwirira m'njira. Ine sindinalire ayi. Kungoti kuyambira pamenepo chakudya chinkangokhala ngati dothi m'kamwa.

Tulo tinatha. Khasu linkandilemera. Anambewe, mnzanga amene tinavinidwa limodzi, ankatsika m'phiri ndi mtolo wa nkhuni akuseka, thupi lili see. Ine mikanda ya m'chiuno inkachita kugwa yokha. Msinkhu umodzi, madzi a chitsime chimodzi. Nanga ine chinali chiyani?

Pofika nthawi yokolola, achimwene anga anati ndi tsempho. Akuti Malita, mwana wanga wamkazi, anathira mchere m'ndiwo atakhala malo amodzi ndi mwamuna wake, maliro tisanamete. Anandimwetsa mitsitsi, osasintha. Ndiye mkamwini uja, amene ankandilimira munda, achimwene anamuuza kuti atenge nkhwangwa yake azipita kwawo ku Kabwazi. Malita anandigwira mwendo. "Amayi, yankhulani!" Ndinkamva zonse, koma ndinangoyang'ana mkamwiniyo akupita. Matendawa ndi otero, sikuti munthu umafuna.

Kuchipatala cha mishoni anandinyamula pamachila mwezi wa Juni, kukuzizira. Tinadikira pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pamodzi ndi azilonda ndi achifuwa. Ndinkachita manyazi, ine wopanda bala loonetsa. Bambo wotsuka zilonda anandimvetsera pachifuwa, n'kundigwiragwira miyendo. Anati, "Mayi, simukutsokomola, simunatupe. Munataya yani?" Nditatchula dzina la Chimtengo, m'pamene misozi inatuluka.

Mankhwala akumwa sanandipatse. M'mawa linali phala, asisitere ataima pomwepo mpaka ndimalize. Masana ankandikhazika ndi amayi ena kutong'ola chimanga. Mmodzi nayenso mwana wake anatsala kunkhondo. Tinkalira, kenako n'kumakumbutsana zaubwana wa ana athuwo. Mwina mankhwala ake anali omwewo, kaya.

Nditabwerera kumudzi ndinauza achimwene kuti timete maliro, ngakhale manda tilibe. Tinameta.

Tsopano ndimadya, ndimalima. Masiku ena chisoni chimabweranso, ndipo ndimangopita kukakhala kwa Anambewe mpaka chitadutsa. Koma titatumiza uthenga ku Kabwazi, tinamva kuti mkamwini uja anakwatira kale kwina. Malita akukhala yekha m'nyumba imene mwamunayo anamanga.

Inu anzanga, mukaona munthu wasiya kudya, wasiya kuseka, musayambe n'kufufuza amene anathira mchere. Mufunseni amene akumulira, mupite naye kuchipatala msanga. Ife tinachedwa. Ine ndinachira, koma banja la mwana wanga silinachire.