Lata Louluka ku Area 10

Boma litatisamutsa ku Zomba kubwera ku Lilongwe, misewu yatsopano yotakata ija inandizunguza mutu. Galimoto yanga inali yokalamba, koma ndinatsimikiza zoiwonjezera liwiro. Ndinagula lata ku Area 2, n'kulidula, n'kulipinda ngati phiko, n'kulimanga kumbuyo ndi mabawuti kuti lizing'amba mphepo. Loweruka limenelo ndinadzimva kuti ndine injiniya weniweni!

Ndinalunjika ku Area 10 kumene msewu unali wopanda anthu. Ndinaponda mafuta, ndikuimba mluzu ndi chimwemwe. Kenako ndinangomva kuti phwaa! Lata lija linauluka n'kukagwera m'maluwa a panyumba ina yaikulu.

Nditaima, mlonda wachikulire anatuluka atalinyamula.

"Bwana, chitsulochi n'chanu?"

"Ayi, bambo," ndinayankha msanga. "Mwina chagwa pa ndege."

Anayang'ana mabowo amene anatsala kumbuyo kwa galimoto yanga, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Chabwino, bwana. Oyendetsa ndegeyo mukawaona, mukawauze kuti athyola maluwa a adona."

"Ndikawauza," ndinatero, n'kuchokapo pang'onopang'ono. Mpaka lero sindidutsa msewu umenewo.