Makutu a Bento Anatsala M'phiko

Mvula yoyamba ku Nsadzo siyembekeza munthu. Fumbi likangonyowa, mbewu iyenera kulowa pansi nthaka isanaumenso, ndipo aliyense wokhala ndi manja amagawa tsiku lake ndi munda. Chaka chimenecho Bento anabzala nawo, koma ankabzala ngati mlendo wothandiza eni khomo. Mtima wake unali ku Beira.

Bento anachoka kumudzi atangokwatira Margarida, pothawa ntchito yokakamiza ya m'misewu. Ku Beira anayamba ndi kusesa m'chinyumba chokonzeramo ndege. Anali wochepa thupi, ndipo mzungu wamkulu wa amisiri ataona kuti angakwane m'kati mwa phiko, anamulanda tsache n'kumupatsa chitsulo cholemera. Malata a ndege amalumikizidwa ndi timisomali tambirimbiri. Mzungu ankakhoma kunja ndi chida cha mpweya, Bento atagona chagada m'kati, akutsamiritsa chitsulo kunsonga ya msomali kuti iphwanyike bwino. Phokoso lonse linkathera mwa iye. Anagona m'mapikomo zaka zambiri.

Kenako mzunguyo anasankha anthu akuda ochepa oti awaphunzitse kuyendera ndege. Bento anali mmodzi wa iwo. Maso ake sankaphonya mng'alu, ngakhale wochepa ngati tsitsi. Koma ntchitoyo inkafunanso khutu. Umagogoda misomali ndi kanyundo: wolimba umalira bwino, wogwedera umalira ngati mphika wosweka. Tsiku loyesedwa, Bento anagogoda mzere wonse n'kunena kuti uli bwino. Anzake anayang'ana pansi. M'mutu mwake munali nyenje zolira osapuma, ndipo misomali yonse inkalira mofanana.

"Pita kwanu ukapumitse makutu," mzunguyo anakuwa pafupi ndi tsaya lake. "Akatseguka ubwere."

Bento anawasunga mawu amenewo ngati mbewu. Atafika kumudzi, Margarida anamudonthezera mafuta a nsatsi ofunda m'makutu. Akuluakulu anathira ufa patsinde pa mtengo. Bento anayenda wapansi mpaka ku Chifunde, kumene wachipatala anasuzumira m'makutumo, nalankhula zinthu zimene Bento sanazimve. Pobwera anauza mkazi wake kuti ati adikire.

M'mawa uliwonse ankagogoda chilichonse chachitsulo, chidebe, mpeni, chitsekerero cha poto, atapendeketsa mutu.

"Alamu, chidebechi chiuluka liti?" ankafunsa Silasi, mlongo wake wa Margarida, akukupiza manja ngati mapiko. "Mutiuziretu, tikwere nawo."

Bento ankawerenga nthabwalayo pankhope, n'kuseka mochedwa.

Mvula inakhazikika, udzu unakwera, nthawi yopalira inafika. Tsiku lina ali kumunda, Silasi anagwira mpini wa khasu limene Bento ankalimira, n'kuyandikiza pakamwa kukhutu lake.

"Khasu langali mwalikwatira, alamu? Munati mukungobwereka. Tsono laloweratu chikamwini ngati inu."

"Ndikhomerenji langa, ine wa paulendo?" Bento anayankha mokweza, monga amachitira ogontha. "Mvula ikatha ndikupita."

"Mlekeni, achimwene," anatero Margarida. "Akumvako masiku ano. Dzulo anamva tambala."

"Anamuona akutsegula kukamwa," Silasi anatero.

Anabwerera kumizere yawo. Dzuwa litakwera, Bento anaona mthunzi ukuthamanga pa chimanga, kudutsa pamapazi ake. Atadzutsa mutu anapeza anthu onse ataima kalekale, makasu pansi, ana atatseka makutu. Ndege inali kudutsa motsika, kulowera kumalire. Anaidziwa mtundu wake. Ankadziwa m'kati mwa mapiko oterowo kuposa m'nyumba mwake, pokhota pamene bondo limapweteka, pamene madzi amabisala n'kudya chitsulo. Inkayandama mwakachetechete ngati mphamba.

Anaiyang'ana mpaka inalowa m'mitambo. Kenako anatembenukira kwa mkazi wake.

"Make Hana, imalira?"

Margarida anayang'ana mlongo wake. Silasi anali kukanda dothi la pakhasu ndi chala.

"Ndiuze, imalira?"

Margarida anamugwira dzanja n'kuliika pachifuwa pake, pamene mtima unali kugundabe ndi mantha a phokosolo. Anagwedeza mutu kuvomera.

Bento anapalira mpaka kumapeto kwa mzere. Anapukuta khasu ndi udzu, n'kulipereka kwa Silasi ndi manja awiri.

"Lisungeni, alamu, ndimangocheza," anatero Silasi. Bento anali atatembenuka kale.

Anatsikira kumtsinje, n'kudula nthambi ya mtengo wa phingo yokhota pamutu. Kunyumba anafukula khasu lakale la apongozi ake pansi pa nkhokwe, lopanda mpini, ladzimbiri. Anasema nthambi ija, naboola pamutu pake. Anaika msuka wa khasu pamoto mpaka unafiira, naulowetsa m'bowo, utsi wa mtengo wauwisi ukumulowa m'maso. Anaumenyetsa pamwala kuti ukhale. Anagwedeza khasulo ndi dzanja, silinasunthe. Analitsamiritsa pakhoma, pafupi ndi la Margarida.