A Namondwe ndi Makina Opanga Mafunde

Asanawapatse dzina loti a Namondwe, anthu ankangowadziwa ngati owotcherera zitsulo a kuseri kwa msika. Anali ndi kashedi ka malata, makina amodzi olira ngati ng'ombe yodwala, ndi galasi lakuda lotchingira maso lomwe linabenthuka pakona. Ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, n'kumalumikizanso miyendo ya mawilibala. Anali munthu wofatsa, woti ukamuponda phazi amapepesa ndi iyeyo.

Nyanja ya kwawoko inali pakati pa mapiri, ndipo masiku ambiri madzi ake ankangoti phee ngati a m'beseni. Tsidya lina kunali mabango, madimba ndi nyumba zingapo. Imodzi mwa nyumbazo inali ya mayi awo, omwe anakanitsitsa kusamukira kutauni ngakhale ana anawanyengerera kambirimbiri.

Kenako kunabwera kampani ina n'kumanga hotela m'mbali mwa nyanjayo. Eni ake ankafuna alendo okonda masewero oimirira pathabwa n'kumatsetsereka pamwamba pa funde. Poti nyanjayo inalibe mafunde, anaganiza zowapanga okha. Anayala njanji pansi pa madzi n'kuikapo chitsulo chachikulu chooneka ngati khasu la pulawo. Chingwe chikachikoka mwamphamvu, chitsulocho chinkakankha madzi n'kudzutsa funde lalitali kuposa munthu.

Kutafunika owotcherera, a kuseri kwa msika aja nawonso anawalemba ntchito. Injiniya wake anali mayi wina wosasekaseka, koma ntchito yawo anaikonda. Tsiku loyesa makinawo, funde linadzuka pakati pa nyanja popanda mphepo, linapindika, n'kugwa ndi thovu loyera. Owotcherera aja anangokhala pansi. Atafika kunyumba anauza akazi awo kuti, "Mayi a ana, moyo wanga wonse ndakhala ndikupanga zotsekera anthu m'nyumba. Lero ndapanga chinthu choyenda."

"Chiyende ndithu, chikatibweretsere nsapato za ana," anatero akazi awowo uku akuseka.

Ntchito yomanga itatha, anzawo anachotsedwa koma iwo anawasiya kuti aziyendetsa makinawo. Anawapatsa kachipinda kapamwamba kokhala ndi windo lalikulu, mpando wozungulira ndi batani lobiriwira. Alamu awo, msodzi wapakamwa posatseka, ndi amene anayambitsa dzina lija. "Mwadzuka bwanji a Namondwe? Lero mutimiza kapena mwatikhululukira?"

Nthabwalayo sinakhalitse. Funde likamaliza kunyamula alendo silinkafera pomwepo. Linkapitirira, lochepa koma losatopa, mpaka kukamenya tsidya lija, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mabango anayamba kugona, kenako kuzuka. Nsomba zomwe zinkaswana m'menemo zinasowa. Gombe linayamba kugumuka, madimba n'kumalowa m'madzi mzere ndi mzere.

A Namondwe anakauza injiniya uja. Mayiyo anakaona yekha, ndipo anabwerako nkhope itagwa. Analonjeza miyala yotchinga mafunde, koma eni kampani anati miyalayo iyambire kugombe la hotela. Inathera komweko. Pasanapite nthawi injiniyayo anasiya ntchito n'kubwerera kwawo.

Pawindo lija a Namondwe ankaona bwinobwino nyumba ya mayi awo. Ankaona mtengo wa mango wa pabwalo ukupendekeka, mayiwo akuyanika zovala madzi atafika pafupi ndi khonde. Akatero ankadina batani, chifukwa alendo anali atandanda kale ndi matabwa awo.

"Amayi, tiyeni mukakhale kwathu," anawapempha Lamulungu lina.

"Ndichoke chifukwa chiyani? Mphepo palibe, mvula palibe. Akundithamangitsa pano ndani, mwana wanga?"

A Namondwe anabwerera kwawo. Akazi awo anawauza kuti asiye ntchitoyo, koma iwo anati akachoka padzakhala munthu wina wosadziwa n'komwe kuti tsidyalo kumakhala ndani. M'malo mwake anayamba kuchepetsa mphamvu ya makina mwakachetechete. Mafunde anafupika, alendo anadandaula kuti sanayendere ulendo wonsewo kudzasewera m'bafa, ndipo a Namondwe anachotsedwa ntchito. Amene analowa m'malo mwawo anatsegula mphamvu yonse.

Dzinja litafika, khoma la kuchipinda kwa mayi awo linagwera m'nyanja masanasana, iwo ali kukhitchini. Anawanyamula pamodzi ndi katundu wotsala kupita nawo kwa mwana wawo. Kumeneko ankangokhala pampando pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo ngati munthu wodikira basi. Ankacheza ndi mpongozi wawo ndi zidzukulu, koma mwana wawo akalowa ankayang'ana pansi. Anamwalira chaka chisanathe.

Hotela nayo sinapite patali. Dothi logumuka lija linadetsa madzi, funde linasanduka lofiira ngati madzi a m'ngalande, ndipo alendo anasiya kubwera. Eni ake anazula mota ndi zingwe n'kunyamuka. Njanji ndi chitsulo chija anazisiya pansi pa madzi, ndipo mpaka lero zimang'amba maukonde.

A Namondwe anabwerera kushedi kwawo, koma anthu ankawadutsa ndi mageti awo othyoka kupita kwa wowotcherera wina. Maso nawo anali atayamba kuchita nkhungu, moto wa zaka zonse zija unawapeza. Tsiku lina alamu awo aja anafika, nthabwala atazisiya kunyumba.

"Alamu, asodzi tagwirizana kuti chitsulo chija chichoke. Inu ndi amene mukudziwa pomwe munalumikiza. Mukatidulire."

"Ndinalumikiza kuti chisadzaduke," anayankha a Namondwe. Anakweza dzanja pafupi ndi nkhope n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Komanso ngakhale zala zangazi sindikuziona bwino."

Alamuwo anakhala kanthawi pa ndowa yovundikira, kenako anatsanzika.

Masiku ano mushedimo muli munthu wokonza mafoni. Akazi awo a Namondwe amagulitsa zovala za kaunjika m'mphepete mwa msewu, ndipo a Namondwe amakhala pambali n'kumapinda zomwe ogula asokoneza. Amapinda mosamala, kolala ndi manja kuyala bwinobwino. Wina akawafunsa mtengo, amaloza akazi awo.