Ndinagona ngati mtembo, Yohane n'kubwera

Lachitatu lapitali ndinamwalira kwa kanthawi, ndipo ndabwerako ndi nkhani.

Chiyambire BP kundivuta, mwana wanga Esnati amandikokera ku yoga m'tauni, kwa mayi wina wachimwenye amene chilichonse amachitchula m'Chisansikiriti, chinenero chakale cha mapemphero a kwawo. Kupuma, kumene ndakhala ndikuchita ulere chibadwire, kumeneko ndi pranayama. Kupinda msana mpaka mafupa kulira, asana. Abale inu!

Imene ndinaikonda ndi shavasana, kugona ngati mtembo: chagada, manja uku ndi uku, maso tsinzi. Mayiwo akuti ndiyo yovuta kuposa zonse, chifukwa imaphunzitsa vairagya, kutaya zimene wafumbata imfa isanakutambasule zala. Ndinaseka. Ine, mwana wa m'komboni ya Iminyela kuno kudziko la eni, andiphunzitse kugona?

Komatu zofumbata ndili nazo. Ine ndi mng'ono wanga Yohane wa kukomboni ya Magwegwe tatha zaka zisanu ndi chimodzi osalankhulana, chikanganirane za nyumba imene bambo anasiya. Amene akukhalamo ndine.

Ndiye masana a Lachitatulo ndinayala bulangete pabalaza kuti ndiyeserere shavasana ija, tulo n'kundiba. NaThemba, neba wanga, anasuzumira pawindo. Kugogoda? Ayi ndithu. Anangolemba uthenga pa gulu la WhatsApp la sosaite yathu ya maliro kuti ndamwalira. Ndinadzidzimuka ndi kulira maliro kwa anthu a kuno, "Maye babo!" pakhomo, amuna awiri atanyamula kale sofa kuti aitulutse panja, anamalira apeze malo. Palibe amene anandigwira pamtima. Sofa ndiye anaigwira.

Nditadzuka anaiponya pansi, wina n'kuthawira kugeti. Tinaseka mpaka misozi, NaThemba n'kulemba uthenga wotsutsa. Koma mukudziwa, uthenga wa maliro umathamanga, wotsutsa umayenda ndi ndodo.

Patapita ola, munthu analowa pageti ali mu ovolosi ya kuntchito, akulira mokweza ngati mwana. Yohane. Anandipeza ndili pakhonde, ndikumwa tiyi.

"Hawu, achimwene! Ndiye muli moyo?"

"Pepani, ndakukhumudwitsani."

Pakamwa pangapa padzandiphetsa. Anapukuta nkhope ndi chipewa, natembenuka kuti azipita. Apo kuseka kunandithera, mantha n'kundigwira, chifukwa ndinadziwa kuti akatuluka pagetipo adzabweranso tsiku la bokosi lenileni.

Tinene zoona, ife ana a anthu a ku Nyasalande maliro timawatha. Makolo athu anafika kuno opanda abale, n'kupangana kuti wina asaikidwe ngati galu. Zabwino. Koma tinaphunzira kuthamangira mitembo, amoyo n'kuwaiwala. Wodwala timamutumizira moni pa foni, womwalira timamukwerera minibasi. Amwenye amayeserera kufa kuti ataye mkwiyo akadali moyo. Ife timausunga mpaka kumanda, n'kukalira kuposa onse.

"Yohane," ndinatero, "tiyi alipo. Nyumbayi ndi ya bambo ako."

Anaima dzanja lili pageti. Kenako anabwerera, nakhala pa sofa ija, imene inali ikadali chopingasa pakhomo.

"Shuga muli naye?" anafunsa.

Za nyumba sitinathetse, ndisaname. Koma Lamlungu akubwera ndi ana ake, awiri mwa iwo sindinawaonepo.

Nanga inu, amene muli ndi Yohane wanu, mukudikira kuti NaThemba asuzumire pawindo la ndani?